Akuti kompyuta bokosi ya Sienta yanga yapsa: ndigule ina?

Bambo wina wa ku Mpondasi, yemwe amanyamula anthu pa Toyota Sienta pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay, walemba kufunsa za galimoto yake. Akuti adadutsa nayo m'madzi osefukira mvula itagwa, ndipo patapita masiku ochepa idayamba kumazima yokha pamsewu mpaka batire lidatha mphamvu. Anzake adamuthandiza polumikiza batire lake ku galimoto ina, koma kuchokera tsiku limenelo stata imazungulira bwinobwino pamene injini siikulira. Makaniko wamuuza kuti kompyuta bokosi yapsa, ndipo pali wogulitsa masipeya ku Blantyre yemwe akuti ali nayo yochotsa m'galimoto ina. Funso lake ndi lakuti agule kapena ayi, ndiponso ngati kuika ina kuli ndi vuto lililonse.

Bambo, ndalama zanu zisanyamuke kupita ku Blantyre panopa. N'kutheka ndithu kuti kompyutayo yafa, pakuti madzi ndi kulumikiza mabatire ndi zinthu ziwiri zimene zimaiphadi, koma pa zimene mwalembazi palibe umboni woti wina waiyeza. Kuchokera pamene kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja yakhala yolemetsa kwa munthu amene amadya za tsiku lomwelo, ndipo zimandipweteka kuona woyendetsa galimoto akukongola ndalama kugula kompyuta, n'kuiika, galimoto osalira, kenako vuto n'kupezeka pa fyuzi kapena pa waya wa earth umene udachita dzimbiri.

Kompyuta imeneyi, imene m'mabuku amaitcha ECU kapena ECM, ilibe chinthu chozungulira kapena chokhuzana m'kati mwake, n'chifukwa chake imatha kukhala zaka makumi awiri osavuta. Ntchito yake ndi kulandira uthenga kuchokera ku masensa, monga ya crankshaft, ya camshaft, ya mpweya wolowa, ya kutentha kwa madzi ndi ya throttle, kenako n'kulamula ma injector kuti apope petulo wochuluka bwanji ndi makoilo kuti atulutse moto nthawi yanji. Ili ngati mfumu imene imaweruza mlandu ili m'nyumba pongomva za amithenga: mthenga akanama kapena akagwa panjira, chigamulo chimalakwika ngakhale mutu wa mfumuyo uli bwinobwino. Choncho vuto lililonse la pa waya, pa fyuzi, pa relay kapena pa sensa limatha kuoneka ngati imfa ya kompyuta, ndipo makaniko wosamala amaiweruza pomalizira, zina zonse atazichotsa pa mlandu.

Poyambira sipafuna chipangizo chilichonse. Khalani pampando, tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake koma osaliza injini, ndipo yang'anani kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini. Kanyali kameneka kamayatsidwa ndi kompyuta yeniyeniyo. Kakayaka, ndiye kuti kompyuta ikulandira magetsi ndipo yadzuka, ndipo mwayi woti yapseratu wachepa kwambiri. Kakapanda kuyaka pamene nyali za batire ndi oyilo zayaka, pamenepo tayamba kuikayikira, komabe tikayikira kaye njira imene magetsi amafikira kwa iyo. Mudzifunsenso ngati kanyalika kankayaka galimoto ili yabwino, chifukwa pali ogulitsa ena amene amakamata kapena kukachotsa pofuna kubisa vuto. Ena adzakuuzani kuti mumvetsere pampu ya mafuta mukatembenuza kiyi. Pa ma Toyota ambiri pampuyo siilira mpaka injini itayamba kuzungulira, ndiye kukhala chete kwake si umboni wa kanthu.

Chachiwiri ndi batire, ndipo apa pafunika mita yoyezera magetsi, imene amagetsi a galimoto ambiri pa Boma ali nayo. Batire lodzadza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo likafika pa 12.0 ndiye kuti latsala pang'ono kutheratu. Poliza injini, mphamvu isatsike kupitirira 9.6. Stata imatha kuzungulira ndi batire lofooka pamene kompyuta ikuzima ndi kudzuka chifukwa magetsi akuchepa, ndipo kutentha kwa kuno kunyanja kumafooketsa mabatire msanga kuposa kumadera ozizira monga Dedza. Onani mitu ya batire: ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo, ndi kachitsulo kapena msomali umene ena amakhomerera kuti thamino igwire, ndi zokwanira kuzimitsa galimoto pamsewu. Tsatirani waya wakuda wochoka pa batire kupita ku bodi ndi ku injini, masulani mabawuti ake, palani mpaka chitsulo chiwale, mumangenso. Pa injini palinso timawaya ta earth timene timamangidwa pamodzi ndi bawuti imodzi, ndipo timeneti ndi ta kompyuta; galimoto imene yamira m'madzi amatope kawirikawiri imayambira pamenepa kuvuta.

Pa nkhani yolumikiza mabatire ndili ndi mafunso awiri amene muyenera kuwayankha moona, ngakhale amene adalumikizayo ndi mnzanu. Kodi mawaya sadasemphane, ngakhale kwa kamphindi, n'kuthetheka moto? Nanga galimoto inayo inali yotani? Malole ambiri amayendera mavoti 24 kuchokera ku mabatire awiri, ndipo kulumikiza Sienta ku mabatire onse awiriwo kumatentha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mawaya akasemphana, chimene chimayamba kupsa pa Toyota nthawi zambiri ndi fyuzi yaikulu yolembedwa ALT, imene imamangidwa ndi mabawuti m'bokosi la mafyuzi pafupi ndi batire, pamodzi ndi ma diode a mu alternator. Fyuzi imeneyi anthu amaiphonya chifukwa siizulidwa ndi zala ngati zinzake. Ikatha imeneyo, yezani fyuzi ya EFI ndi ya IGN, komanso relay ya EFI, imene mungathe kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'bokosi lomwelo, monga ya hutala. Fyuzi iyesedwe ndi mita mbali zonse ziwiri, chifukwa maso amanama. Mukapeza fyuzi imene wina adaimanga ndi kawaya ka kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, dziwani kuti chitetezo cha kompyuta yanu chidachotsedwa kalekale.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona m'madepoti, chimene ndikupemphani kuti muchisiye: kuliza galimoto ndi batire lobwereka kenako n'kulichotsa injini ikulira kuti mubwezeretse lanu, kapena kuchotsa thamino pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Pa magalimoto akale a kabureta zimenezi zinkatheka. Pa galimoto ya kompyuta, batire ndi limene limameza mphamvu yopitirira muyeso, ndipo likachotsedwa mwadzidzidzi alternator imatha kuponya magetsi okwera kwambiri m'mawaya onse. Chimodzimodzinso kuwotcherera ekizozi kapena bodi batire lili cholumikiza.

Tsopano tifike pa chinthu chimene chimanamiza ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Kompyuta imapanga mavoti 5 amene imatumiza ku masensa ena, monga ya throttle ndi ya pedulo ya moto, ndipo pa Toyota waya umenewu umatchedwa VC. Mavoti 5 omwewo ndi amene amayendetsa ubongo wa kompyutayo. Sensa imodzi ikalowa madzi n'kuchita shoti, kapena khoswe akatafuna waya n'kuukhudzitsa ku bodi, mavoti 5 aja amagwa, kompyuta imakhala zii, kanyali ka injini sikayaka, ndipo makina oyezera kompyuta ya galimoto amalephera kulankhula nayo. Aliyense woona amalumbira kuti yapsa. Njira yodziwira ndi yosavuta: kiyi ali pa ON, zulani pulagi ya sensa imodzi imodzi uku wina akuyang'ana pa dashibodi. Kanyali kakangoyaka mutazula sensa inayake, wolakwa mwamupeza, ndipo kompyuta yanu ndi yamoyo. Galimoto imene imagona pafupi ndi nkhokwe kapena malo oyanika nsomba ndi yofunika kuiunika bwino m'mawaya a pansi pa boneti ndi kuseri kwa dashibodi, pakuti makoswe amakonda kumanga zisa m'menemo.

Madzi amene mudadutsamo alinso ndi mbali yawo. Popeza stata ikuzungulira bwino, injini sidamwe madzi oti n'kuimanga, koma tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya muone ngati pepalalo lanyowa kapena lapindika, chifukwa sensa ya mpweya ili pomwepo. Sensa ya crankshaft imakhala pansi, pafupi ndi pule, pamalo pamene matope amafika poyamba. Kuzima kwa apo ndi apo kumene mwafotokoza, kusanafike tsiku la batire, kukufanana kwambiri ndi pulagi imene ikuchita dzimbiri pang'onopang'ono kuposa kompyuta imene yapsa.

Za makina oyezera. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD-II, imene idakhala lamulo ku United States kuyambira 1996 ndipo pambuyo pake idafalikira pafupifupi m'magalimoto onse. Kachipangizo kotchipa kolumikiza ku foni, ka mtundu wa ELM327, kamathandiza, koma kamalephera kulankhula ndi magalimoto ena amene adapangidwira msika wa ku Japan, makamaka akalekale, ndipo ambiri a magalimoto athu adachokera kumeneko kudzera pa doko la Dar es Salaam. Choncho makina akalemba kuti palibe kulumikizana, ayesedwe kaye pa Sienta ya mnzanu ya zaka zomwezo. Soketiyo nayo iyesedwe: bowo la 16 liyenera kukhala ndi magetsi a batire, la 4 ndi la 5 ndi earth, ndipo ngati galimoto ili ndi mawaya a CAN, amene makompyuta a m'galimoto amalankhulirana, pakati pa bowo la 6 ndi la 14 payenera kupezeka ma ohm pafupifupi 60 batire litachotsedwa. Makina abwino pa Toyota ndi amene ali ndi pulogalamu ya Techstream kapena ena aakulu ofanana nawo.

Makodi a vuto, omwe ndi manambala amene makinawo amaonetsa, akatuluka, ajambuleni ndi foni makaniko asanawafufute. Kodi ya vuto imaloza dera limene kompyuta yaona chachilendo, siitchula chipangizo choti mugule. P0335 ikunena za dera la sensa ya crankshaft, ndipo vuto likhoza kukhala sensa, pulagi kapena waya. P0351 mpaka P0354 ndi madera a makoilo anayi. P0562 ndi magetsi ochepa, P0563 ndi magetsi opitirira. U0100 imalembedwa ndi makompyuta ena a m'galimoto akasiya kumva ya injini, ndipo fyuzi yakupsa imabweretsanso kodi yomweyi. Amene amaloza m'kati mwa kompyuta ndi a pakati pa P0601 ndi P0606, koma ngakhale amenewa, makamaka P0603 ndi P0606, amatha kubwera chifukwa cha batire lofooka kapena waya wina, ndiye amakhulupirika akabwereranso mutawafufuta batire lili lodzadza. Chinthu chothandiza kuposa makodi ndi kuona liwiro la injini pa makinawo pamene wina akuliza stata. Likamaonetsa 200 kapena kuposerapo, kompyuta ikumva kuzungulira kwa injini. Likakhala pa ziro, bwererani ku sensa ya crankshaft.

Musaiwale kiyi. Magalimoto ena ali ndi immobiliser, chitetezo chimene chimawerenga kachipu ka m'mutu mwa kiyi, ngakhale kuti si Sienta iliyonse yochokera ku Japan imene ili nacho. Ngati pa dashibodi pali kanyali ka chitetezo kamene kakupitiriza kuphethira kiyi ali m'malo mwake, ndiye kuti galimoto siikumuzindikira kiyiyo, ndipo stata idzazungulira tsiku lonse injini osalira. Pa Toyota kodi ya B2799 imaonetsa kusamvana pakati pa immobiliser ndi kompyuta ya injini. Ngati muli ndi kiyi wachiwiri, muyeseni.

Kompyuta timaiweruza kuti yafa zinthu zikafika potere: pa pulagi yake yeniyeni magetsi a batire akufika mokwanira, mawaya a earth ali bwino, masensa onse a mavoti 5 azulidwa koma mavotiwo sakutuluka, kapena uthenga wa masensa ukulowa bwinobwino koma koilo imodzi kapena injector imodzi siikulandira lamulo ngakhale waya wake ndi wamoyo kuchokera uku mpaka uko. Poyeza pamenepa makaniko agwiritse ntchito mita kapena tesita ya LED, osati tesita ya babu, imene imakoka magetsi ambiri n'kutentha timadera tosalimba ta m'kati. Kenako kompyutayo ichotsedwe, itsegulidwe. M'magalimoto ena imakhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala, mwa ena m'boneti pafupi ndi batire. Yofa ndi madzi imadziwika: timapini ta pulagi timakhala tobiriwira, ndipo pa bolodi ya zamagetsi ya m'kati mwake pamaoneka mzere woyera wosonyeza pamene madzi adalekezera. Yopsa ndi magetsi imanunkha pulasitiki wowauka, ndipo mumapeza kachipu kakuda kotupa kapena kobooka. Pa magalimoto a m'zaka za m'ma 1990 pamakhalanso vuto la ma capacitor amene amadontha n'kudya njira za kopa pa bolodi, ndipo amenewa wokonza mawailesi kapena mafoni wa dzanja labwino amatha kuwasintha. Yonyowa chabe, imene sidapatsidwe magetsi ili chinyowere, nthawi zina imachira ikatsukidwa ndi spirit ya zamagetsi n'kuumitsidwa pamthunzi. Isayanikidwe pa mbaula.

Mukatsimikiza kuti yafa, ntchito yaikulu ndi kupeza chimene chaipha, chifukwa chimenecho chikadali m'galimotomo ndipo chidzaphanso yatsopanoyo pa tsiku loyamba. Makoilo ndi ma injector ayesedwe limodzi limodzi. Ma injector a injini ngati yanu amakhala ndi ma ohm a pakati pa 11 ndi 15, ndipo imene yatsika kwambiri kusiyana ndi zinzake ili ndi shoti. Ngati chimene chidaipha ndi madzi, funani polowera pake. Si madzi a pamsewu okha ayi: timabowo totulutsa madzi pansi pa galasi lakutsogolo timatsekeka ndi masamba a mango ndi mchenga, paipi ya madzi a AC imatsekeka n'kumadonthezera m'kati, ndipo anyamata otsuka magalimoto amaloza paipi ya mphamvu m'boneti mosasankha. Kwezani kapeti wa mbali ya pasinjala mukhudze siponji ya pansi pake.

Pogula, chimene chikulamula ndi nambala ya pa chikwangwani cha kompyuta yanu, osati dzina la galimoto. Za Toyota zambiri zimapangidwa ndi kampani ya Denso, ndipo nambala ya kompyuta ya injini kawirikawiri imayamba ndi 89661 n'kutsatira zilembo zina zisanu. Zisanu zimenezo zifanane. Injini ya 1NZ-FE imene ili mu Sienta yoyamba, ya kuyambira 2003, ilinso mu Probox, Ractis, Raum ndi Corolla Fielder, ndipo mapulagi a kompyuta amatha kulowana, koma pulogalamu ya m'kati ndi yosiyana. Ngakhale pakati pa ma Sienta okhaokha, NCP81 yoyendera mateyala akutsogolo ili ndi giyabokosi ya CVT, otomatiki yoyendera lamba m'malo mwa magiya, pamene NCP85 yoyendera mateyala onse ili ndi otomatiki ya magiya anayi, ndiye kompyuta zawo sizisinthanitsidwa. Wogulitsa wa ku Blantyreyo, kaya ali ku Ndirande kapena ku Limbe, akutumizireni chithunzi cha chikwangwani ndi cha timapini musanalipire, ndipo mugwirizane polemba, ngakhale pa WhatsApp, kuti ikakana mudzabweza. Afotokozenso galimoto imene idachokera. Ya galimoto yangozi ndi yabwino kuposa ya galimoto imene idamira, ndipo chiyambire namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 funso limeneli ndi loyenera kulifunsa m'chigawo chakummwera.

Ngati galimoto yanu ilibe immobiliser ndipo mnzanu ali ndi Sienta ya nambala yofanana, pali njira yotsimikizira musanawononge ndalama. Ine ndimakonda kuika kompyuta yokayikitsayo m'galimoto yabwino kusiyana ndi kuika ya mnzanu m'galimoto yodwala, kupatula ngati yanuyo ikuonekeratu kuti yapsa m'kati, pamene palibenso chifukwa choyesera. Kubwereka kompyuta ya mnzanu musanayeze makoilo ndi mawaya ndi njira yoimitsira magalimoto awiri m'malo mwa imodzi.

Ikakhala ndi immobiliser, kompyuta yogula siiliza injini pongoilumikiza, ndipo ambiri amabweza kompyuta yabwinobwino poganiza kuti awagulitsa yakufa. Pali njira zitatu. Mungagule zonse pamodzi kuchokera m'galimoto imodzi: kompyuta, kabokosi ka immobiliser, kiyi ndi loko wake. Mungapeze katswiri wa makina kuti aidziwitse kwa immobiliser yanu. Pa ma Toyota ambiri izi zimachitika polumikiza bowo la 4 ndi la 13 pa soketi ya OBD-II ija, kiyi ali pa ON kwa mphindi 30, koma ndi ntchito yoti achite munthu amene ali ndi buku la galimotoyo ndi chaja ya batire, pakuti kulakwitsa bowo n'kukhudza la 16 kumatentha zinthu zina. Njira yachitatu ndi kukopera zimene zili m'kachipu kosunga chikumbukiro ka kompyuta yakale kupita mu yatsopano. Ena adzakuuzani kuti angochotseratu immobiliser. Zimatheka, koma galimoto yogona panja usiku mwaichotsera mlonda wake.

Kuika kwenikweniko n'kwachidule. Chotsani kiyi, masulani thamino ya negative, dikirani mphindi ziwiri chifukwa cha ma airbag, tsegulani zogwirira mapulagi mosakakamiza, ndipo onetsetsani kuti palibe kapini kopindika musanakankhe. Mukabwezeretsa batire, tembenuzani kiyi pa ON muone kanyali kaja, muyeze makodi, kenako mulize. Nthawi yomweyo mita ikhale pa batire: alternator yabwino imapereka mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo ikapitirira 15 zimitsani injini msanga. Kwa kanthawi injini ikhoza kumalira mosakhazikika pamene kompyuta ikuphunzira, ndipo pa galimoto ya CVT pamafunika kuti makina oyezera akonzenso miyeso ya giyabokosi galimoto itaima pamalo osapendekeka. Yendani nayo opanda mapasinjala mpaka cha ku Makawa ndi kubwerera kuti itenthe mokwanira, muyezenso makodi, ndiyeno mubwerere pa mzere.

Kompyuta yakaleyo musaitaye ndipo musaipereke ngati gawo la malipiro kwa wogulitsa kapena makaniko mpaka galimoto itayenda milungu ingapo popanda vuto. M'kati mwake muli chinsinsi cha makiyi anu chimene katswiri angachifune yogulayo ikakana kugwirizana ndi immobiliser, komanso ngati vuto lidzapezeke pa waya kapena pa sensa, mudzakhala ndi kompyuta yabwino yoti mubwezeretse, n'kubweza ya ku Blantyre nthawi ya mgwirizano wanu isanathe.